Chaka Chimene Malume Adavindikira Diso la Thirakitala

Bakuli lija likadalipo. Ndi lachitsulo, loyera, la mkombero wabuluu, ndipo mbali imodzi ndi yopindikira m'kati pomwe utoto udasupuka. Chivindikiro chake chidasowa kalekale. Masiku ano amayi amasungiramo singano, ulusi ndi mabatani. Ndinalipeza pawindo nditapita kumudzi kukakhala nawo masiku angapo pambuyo pa maliro a mkazi wanga. Ndinakhuthulira mabatani pamphasa n'kulitembenuza, chala changa chinapita chokha popindika paja. Amayi anandiyang'ana. Ndinabwezeramo zinthu zawo.

Lidali bakuli la abambo. Ndimo ankadyeramo akakhala kumunda, ndipo pakhomo pathu padalibe wina wolikhudza kupatula amayi polititsuka.

Abambo adamwalira ndili sitandade sikisi, mvula isanagwe. Adali atangomaliza kuunga mizere m'munda wonse, kuyambira kumtunda komwe kuli chulu mpaka kumunsi komwe munda wathu umakumana ndi dambo. Adamaliza madzulo, adatsuka khasu, m'mawa mwake adalephera kudzuka. Tidawatengera kuchipatala ku Kabudula pa ngolo. Adabwerako pa ngolo yomweyo atafunditsidwa mpaka kumutu.

Mvula itagwa, abale ndi anthu a kumpingo adabwera kudzatibzalira. Idali ntchito ya m'mawa umodzi, kenako aliyense adabwerera kumunda kwake, ndipo sindiwaimba mlandu. Chimanga chidamera bwino. Udzu nawo udamera bwino.

Amayi sadapondeko kumunda. Ankadzuka m'mamawa, kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kenako n'kutenganso tsache kusesa pomwe asesa kale. Pabwalo pathu padasalala chaka chimenecho kuposa pakhomo pa abusa. Ndikawafunsa za kupalira ankangoti, "Mawa." Sankanena mokalipa. Ankanena ngati munthu amene wafunsidwa za nkhani ya mudzi wina.

Ndiye ndinkapalira ndekha ndikaweruka kusukulu, ndi khasu la abambo lomwe mpini wake unkandifika pachifuwa. Ndikamaliza mzere umodzi, wa dzana unkakhala utabiriwiranso. Mudali chisoso, mudali khovani, yemwe ukamuzula n'kumusiya pansi amagwiranso mvula ikangowaza. Manja adatuluka matuza, matuza adaphulika. Chimanga chidayamba kuchita chikasu, chikuwonda pansi pa udzu. Ndidali mwana, komabe ndinkadziwa tanthauzo lake. Maliro adali atadya pafupifupi zonse za m'nkhokwe, ndipo ukaponyamo mwala unkamva ukugunda pansi. Chimanga cha m'munda umenewo ndicho chidali chakudya chathu cha chaka chonse. Kudalibe munda wina.

Malume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ndiwo adali mwini mbumba. Ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina cha ku Nsaru, komwe ankalima fodya ndi chimanga cha mbewu. Adali munthu wamfupi, woseka mokweza, wonunkha dizilo ngakhale atasamba. Akabwera kwathu ankandinyamula ndi dzanja limodzi kuti aone ngati ndikulemera.

Chaka chimenecho pa esiteti padabwera thirakitala yatsopano yopopera mankhwala. Kumbuyo kwake kudali thanki ndi mipope iwiri yomwe inkatambasuka uku ndi uku ngati mapiko. Pamwamba pa denga padali kanthu koyera, kozungulira, kokhala ngati bowa wosatambasuka. Oyendetsa mathirakitala adauzidwa zinthu ziwiri zokha: kanthuko asamakagwire, ndiponso kamalankhulana ndi makina a mlengalenga. Kuyambira tsiku limenelo adakatcha diso la bwana.

Lero ntchito yanga ndi yomanga ndi kukonza zipangizo zomwezi, ndidaziphunzira ku koleji, choncho ndinene mwachidule chomwe kanthu kaja kadali. Makina opopera amayenera kudziwa liwiro la thirakitala. Ikathamanga amatsegula mankhwala ambiri, ikamayenda pang'onopang'ono amachepetsa, kuti nthaka iliyonse ilandire mlingo wofanana. Kale liwirolo ankalipeza powerenga kuzungulira kwa tayala. Koma tayala limanama m'matope. Limatha kuzungulira mwamphamvu thirakitala isakusuntha kwenikweni. Kanthu koyera kaja kamamvetsera mauthenga ochokera ku masetilayiti, makina ozungulira dziko m'mwambamo, n'kudziwa pomwe kali mphindi iliyonse, motero kamapeza liwiro lenileni la pansi, osati la tayala. Kameneko kadalibe diso, ndipo sikankatumiza mawu kwa munthu aliyense. Ukakavindikira ndi chitsulo kamagontha, ndipo makina amabwerera kukafunsa tayala.

Malume sadali opusa. Ndakhala ndikuganizira zimenezi zaka zambiri ndipo sindisintha. Pa esiteti chinthu chilichonse choikidwa pamwamba chidali choyang'anira anthu: nsanja ya mlonda, khonde la nyumba ya manijala lomwe lidali pachitunda, kapitawo woimirira pachulu matenanti akuwerama m'fodya. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pansi pa zinthu zotere, ukamuikira kanthu koyera pamwamba pa mutu n'kumuuza kuti asakagwire, aganiza chiyani?

Choncho oyendetsa adayambitsa kachitidwe kawo komwe ankati kuveka bwana chipewa. Akafuna kupatuka kukatutira m'bale njerwa, kukasiya nkhuni pamaliro, kapena kungopuma pansi pa mango, ankavindikira kanthu kaja ndi chitini. Kagalasi koonetsa manambala ka pafupi ndi chiwongolero kankayamba kulira, iwo n'kudina batani kuti kakhale chete. "Chikalira ndiye kuti chachita khungu," ankatero malume akuseka. Chilimwe chonse palibe adagwidwa, ndipo umenewo udali umboni wokwanira kuti chipewa chimagwira ntchito. Panthaka youma tayala silinama, ndiye palibe chidalakwika. Palibe adayesapo kupopera m'matope chipewa chili pamutu.

Tsiku lina malume adabwera ndipo adandipeza kumunda. Adaima pachulu nthawi yaitali osaseka. Adatenga dzanja langa, adalitembenuza, adayang'ana zikhatho, adalisiya. Titafika kunyumba adapeza amayi akusesa.

"Achemwali, munda uja mukuufuna, kapena tiitane mbuzi?"

"Mawa," adatero amayi.

Malume adandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Mphwanga, khasu ilo kaliike. Lamulungu lino udzu wonse uja ugona."

Mvula idagwa masiku otsatizana sabata imeneyo, koma Lamulungu kudacha kowala. Manijala adali atapita ku tawuni, ndipo m'thanki mudatsala mankhwala opha udzu omwe adapopera m'chimanga cha esiteti dzulo lake. Anthu atalowa m'tchalitchi, tidamva injini ikubwera ndi njira ya ngolo. Malume adatsika akutukwana chapansipansi. Chitini chidali chitagwa penapake panjira chifukwa cha mabampu. Adalowa m'nyumba mothamanga, adayang'ana uku ndi uku, adatuluka atanyamula bakuli la abambo.

Amayi adali pakhomo, tsache lili m'manja. Ndidaona pakamwa pawo patseguka. Padatsekekanso. Malume adakwera padenga la thirakitala, adavindikira kanthu koyera kaja ndi bakulilo, adalimanga ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Kagalasi kadalira. Adadina batani.

Ndidakaima pachulu. Mipope idatambasuka, matayala adalowa pakati pa mizere, ndipo kumbuyo kudatuluka nkhungu yopyapyala yomwe dzuwa lidajambulamo utawaleza waung'ono. Fungo lake lidali lowawa ndi lotsekemera nthawi imodzi, lokhala pakhosi. Kumtunda nthaka idali itauma pang'ono, ndipo thirakitala idayenda mwaulemu, kupita, kutembenuka, kubwerera. Ntchito yomwe idandithyola msana milungu yambiri inkatha ndikuphethira. Ndidaomba m'manja. Ndikukumbukira bwino kuti ndidaomba m'manja.

Atatsikira chapakati pa munda, kulira kwa injini kudasintha. Matayala akumbuyo adayamba kuponya matope m'mwamba. Ankazungulira mofulumira, koma thirakitala inkakwawa ngati ng'ombe yodwala. Phokoso la mipope lidakula. Nkhungu ija idasanduka mvula. Madzi oyera ngati mkaka adayamba kudontha m'masamba a chimanga, kutsika m'mapesi, kudikha pakati pa mizere. Ine ndidaganiza kuti ndi momwe zimakhalira, kuti udzu wa kumunsi ndi wouma mutu ndipo ukufunika wambiri. Malume sadacheuke. Maso awo adali pa matayala akutsogolo, akulimbana ndi chiwongolero kuti asaponde mbewu, ndipo nambala ya pakagalasi inkawauza kuti akuyenda bwino. Adapitiriza chomwecho, mzere ndi mzere, mpaka kumunsi.

Kumalire ndi dambo thirakitala idatitimira. Malume adaonjezera moto. Matayala adakumba maenje awiri, akuzungulira pamalo amodzi, ndipo mipope idapitiriza kuthira ngati thirakitala ikuthamanga pamsewu wa tala. Pomwe adakumbukira kutseka, thanki idali itauma. Pogwedezeka paja chubu chidaduka, bakuli lidagwa, lidamenya chitsulo chokokera, n'kugubuduzikira m'matope. Kupindika kuja n'kwa tsiku limenelo.

Padafunika thirakitala ina kuti idzakoke. Pomwe inkafika, mapemphero adali atatha, ndipo mpingo wonse udaima m'mphepete mwa munda ndi zovala za Lamulungu. Mkulu wina adati, "Bwana sanakuoneni, eti? Koma ife takuonani." Anthu adaseka. Malume adasekako pang'ono, matope ali mpaka m'chiuno.

Makaniko wa pa esiteti adabwera ndi thirakitala yachiwiri ija. Adagogoda thanki, adayang'ana kukula kwa munda, adagogodanso. Adati mankhwala omwe adali mmenemo akadakwana minda ingapo ngati wathu. Kenako adaona chidutswa cha chubu chikulendewera padenga, adaona bakuli m'manja mwanga.

"Kodi ndani adakuuzani kuti chimaona? Ichi n'chakhungu, akulu. Chimangomvetsera."

"Nanga bwanji simudatiuze?" adafunsa malume.

Makaniko adawerama. Adamangirira tcheni. Sabata yomweyo malume adachotsedwa ntchito.

Udzu udafa monga adalonjezera. Kumtunda chimanga chidatsala chili chiimire m'nthaka yoyera, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu ndidakhulupirira kuti tapulumuka. Kenako kuyambira pakati mpaka kumunsi masamba adayamba kupsa m'mphepete. Adapotana, adayera, adasanduka ofiirira. Ndinkapita m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu kukafufuza pamtima pa mbewu ngati pali kobiriwira. Ndikakoka tsamba la pakati linkazuka lokha, lofewa, lonunkha. Pamapeto pake gawo lalikulu la munda lidakhala mizere yokhayokha, yopanda chimanga, yopanda udzu, m'mwezi womwe dziko lonse lidali lobiriwira. Anthu odutsa ankachepetsa mawu akafika pamenepo.

Aphunzitsi athu adamva nkhaniyi, monga adamvera aliyense. Adajambula tayala pabolodi, adajambula kadontho pamwamba pake, adayesa kutifotokozera kusiyana kwa kuzungulira ndi kuyenda. Adafunsa ngati tidayamba tathamangapo pamtsiro wonyowa, miyendo ikugwira ntchito koma munthu uli pompo. Anzanga adaseka akundiyang'ana. Titaweruka aphunzitsi adandiitana padera. Adati ndikauze akuluakulu kuti nthawi ikadalipo: mvula yamphamvu ikagwa kangapo, agumule mizere yakufayo, atembenuze nthaka, aunge ina ikuluikulu, abzale mbatata. Lero ndikudziwa kuti mankhwala ena amakhalitsa m'nthaka, ndipo sindinganene motsimikiza kuti mbatatayo ikadagwira. Koma idali njira yokhayo yomwe idatsala.

Ndidakauza malume. Patapita masiku adafika pa njinga atamanga mtolo waukulu wa mbewu ya mbatata pakaliyala, makasu awiri ali pamwamba. Adali atawonda. Sadandinyamule. Tidapita kumunda awiri, ndipo malume adalavulira m'manja, adakweza khasu pa mzere woyamba wa kumunsi.

Sitidawamve akubwera. Amayi adali ataima kumbuyo kwathu, opanda nsapato, khasu lawo ladzimbiri lili paphewa. Kadali koyamba kuponda m'munda umenewo chimwalirire abambo.

"Mizere iyi musaigwire."

Malume adatsitsa khasu pang'onopang'ono. "Achemwali, ndalakwa ndine, ndikudziwa. Ndiloleni ndikonze."

"Musaigwire, achimwene."

"Nanga mwanayu adya chiyani?"

Amayi adandiyang'ana. Adandiyang'anadi, nthawi yaitali, ndipo ndidaona kuti funsolo alimva. Kenako adayang'ananso pansi. "Musaigwire."

Malume adali mwini mbumba, akadatha kulamula. Sadatero. Mwina munthu amene wawotcha munda sakhala ndi mawu a kulamula mmenemo. Adanyamula mtolo uja, adakabzala pang'ono kuseri kwa nyumba pomwe padali kadzala, yotsalayo idafota pansi pa mtengo.

Kuyambira tsiku limenelo amayi adasiya kusesa kawiri. Ankadzuka m'mamawa n'kupita kumunda. Sadabzalemo kanthu. Adayamba ndi maenje awiri a kudambo, adawakwirira. Kenako adatsata njira yomwe matayala adadutsa, akukonza paliponse pomwe mzere udadulidwa kapena kuphwanyidwa. Ankakokera dothi, kuliunjika, kulisalaza ndi kumbuyo kwa khasu, nthawi zina ndi manja atagwada. Abambo adali amanzere, ndipo mizere yawo inkatsamira mbali imodzi, yosiyana ndi ya anthu ena onse m'mudzimo. Amayi, omwe ndi a dzanja lamanja, ankaima mbali yachilendo kuti dothi ligwe momwe linkagwera kwa abambo. Akalakwitsa ankagumula kachigawo kawo komweko n'kuyambiranso. Udzu utayamba kubwerera, adaupalira. Ankapalira mizere yopanda mbewu, mosamala kuposa momwe munthu amapalirira fodya.

Njala idafika monga idayenera kufikira. Sindifotokoza zambiri. Tidadya madeya, tidadya maungu osakhwima, tidadya masamba a mbatata ya kuseri ija isanaike n'komwe. Ndidasiya sukulu milungu ingapo n'kumapita kuganyu m'minda ya anthu omwe ana awo ndinkakhala nawo pa benchi imodzi. Malume ankabwera ndi kathumba ka ufa kochotsa pakamwa pa ana awo, ankakasiya pakhomo osalowa. Zokolola za kumtunda zidakwana madengu owerengeka. Ndikaimirira msanga m'maso munkachita mdima.

Anthu ankayembekeza kuti ndidana ndi malume. Sindidadane nawo. Mkwiyo wanga wonse udali pa amayi. Malume adawononga chimanga akuyesa kuchipulumutsa, zimenezo ndinkazimvetsa. Koma amayi adali ndi mphamvu zopita kumunda tsiku ndi tsiku, mphamvu zomwe adalibe pomwe chimanga chidali moyo, ndipo ankazithera pa dothi. Ndinkadya nawo mbale imodzi osawayang'ana.

Kwathu mizere sikhala zaka ziwiri. Chilimwe chikafika umagumula wakale, dothi lake n'kuungira watsopano pomwe padali mpata. Ndi mmene aliyense amalimira, ndipo palibe amaganizapo kawiri. Chilimwe chotsatira, mbuzi ndi ng'ombe zitapondaponda, malume adabweranso ndi khasu ndipo amayi sadawaletse. Tsiku limenelo amayi adakhala pakhomo. Adasesa pabwalo mpaka dzuwa kupendeka.

Sitidakambiranepo za chaka chimenecho, ine ndi amayi, mpaka lero. Nditasankha kuphunzira za makina a ulimi anthu adati ndikufuna kukonza cholakwa cha malume. Mwina. Ndikamanga kanthu koyera kaja pa thirakitala ya munthu, sindichoka ndisanaitane woyendetsa, osati mwini wake, n'kumuuza chomwe kamachita ndi chomwe sikachita, ndiponso chomwe chimachitika akakavindikira. Ena amaseka, amati amadziwa kale. Ndimawauzabe.

Kuntchito anandipatsa masiku opuma maliro a mkazi wanga atatha, ndipo ndinabwerera asanathe. Ndimafika nthawi yake. Anzanga amati ndikulimba mtima, ndikupita patsogolo. Amaona matayala akuzungulira.

Mkazi wanga anali wamfupi. Chingwe choyanikapo zovala kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Namitete anachimanga yekha, pa msinkhu wake, ndi mfundo yakeyake yomwe sindinaionepo kwina. Chimadutsa panjira yopita kubafa ndipo chimandikola pakhosi. Ali moyo ndinkadandaula m'mawa uliwonse, ndinkati ndichikweza Loweruka. Tsopano ndimawerama. Sabata yatha mayi a nyumba yoyandikana nafe anandiona ndikuwerama, anati atuma mwana wawo adzachikweze, ndi ntchito yaing'ono. Ndinamva pakamwa panga pakuyankha ndisanaganize. Ndinati mawa.

Chomwe chimandibwerera kawirikawiri si thirakitala. Ndi m'mawa wina wa mwezi wa njala, ndikuchokera kofuna ganyu komwe sindidaipeze. Ndidakwera pachulu. Kumunsi, pakati pa munda wopanda kanthu, amayi adali atagwada, akusalaza mbali ya mzere ndi zikhatho zonse ziwiri, pang'onopang'ono, monga ankachitira pokonza kolala ya malaya a abambo akamapita kutchalitchi. Ndidawerengera m'mutu mbatata yomwe ikadakhala ikukula pamenepo, ndipo ndidatsimikiza kuti amayi azungulira mutu.

Ndinkaona dothi. Ndinkadziwa kuti dothi ndi lobzalamo, ndipo munthu wanjala akalisiya lopanda mbewu ndiye kuti sakukonda mwana wake. Sindikadatha kudziwa kuti malaya a abambo adali atagawidwa kale kwa abale, njinga yawo itapita kumudzi kwawo, fungo lawo litatha m'bulangete, ndipo padziko lonse padatsala malo amodzi okha pomwe padali poonekabe mmene dzanja lawo lamanzere linkagwetsera khasu.